Thumba la nthenga: kusankha, kugonamo ndi kulisamala popita ku Mulanje nyengo yozizira

Usiku wanga woyamba ku Chisepo, kanyumba ka m'phiri la Mulanje kamene anthu ambiri amagonamo asanakwere nsonga ya Sapitwa, sindinaone tulo. Unali mwezi wa Julayi. Ndinachoka kwathu ku Chilomoni nditanyamula bulangeti lalikulu la maluwa limene tinalandira pa ukwati wathu, pamodzi ndi sleeping bag yopyapyala yobwereka kwa mlamu wanga, thumba lija logonamo. Katunduyo anandipweteka msana kuyambira pa Likhubula, m'munsi mwa phiri, koma pofika 2 koloko usiku mano anali kugundana ngati munthu wa malungo. Pambali panga panagona mtsikana wina wochokera kunja amene madzulo ndinamuona akutulutsa kanthu kakang'ono ngati papaya m'chikwama chake. Anakakutumula kawiri katatu, kanthu kaja kanatupa n'kukhala thumba lalikulu, iye n'kulowamo, n'kuyamba kuliza mkonono mpaka kucha. M'mawa mlonda wa pamalopo, bambo wachikulire, anandipatsa madzi otentha a tiyi n'kundiuza kuti, "Achimwene, kuno si ku Nsanje. Ulendo wina mudzabwere ndi thumba la nthenga."

Ndinamvera. Pano ndili nawo awiri. Lina ndinalitola pa kaunjika ku Limbe, lina anandigulira mphwanga ku Johannesburg, ndipo ndagona nawo ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Thuchila m'phiri la Mulanje, paphiri la Zomba komanso kamodzi ku Chelinda ku Nyika. Anzanga amene timakwera nawo Michiru Loweruka m'mawa amandifunsa kawirikawiri za matumbawa, ndiye ndati ndilembe zimene ndadziwa, zina mwa izo nditaluza kaye ndalama.

Ambirife kuzizira kwa m'phiri timakuyeza ndi kwa m'tauni, ndipo apo ndi pamene timalakwitsa. Blantyre ili pamwamba ndi mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere. Munthu akamakwera, mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka pa mamita 1,000 alionse. Nyumba zogona za m'phiri la Mulanje zambiri zili cha m'ma 2,000, ndipo nsonga ya Sapitwa ili pa mamita 3,002. Ndiye usiku umene ku Ndirande mukudandaula kuti kwazizira pa madigiri 10 kapena 11, ku Chisepo kumakhala 3 kapena 4, ndipo kumwamba kukayera, mphepo n'kuleka, m'mawa udzu umapezeka woyera ndi chisanu. Ku Nyika n'chimodzimodzi. Pamwamba pa zimenezi palinso chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imatha kukhala masiku atatu osachoka pakati pa Meyi ndi Ogasiti. Kuzizira kwa ku Mulanje n'konyowa, ndipo thumba la nthenga limadana ndi madzi kuposa china chilichonse.

Chimene chinanditsegula maso n'chakuti thumba palokha silitentha. Mbaula ndi thupi lanu. Ntchito ya thumba ndi kutsekera mpweya umene thupi latenthetsa kuti usathawe. Aliyense amene anakula ndi nkhuku pakhomo anaonapo mmene zimadzitukumulira kukachita chiperoni, nthenga zonse njoo, nkhuku n'kuoneka ngati yanenepa kawiri. Imakhala ikusunga mpweya wofunda pakati pa nthengazo. Nthenga za m'thumbamu si zija zolimba za m'mapiko zimene timakolokosera m'khutu ayi. Ndi tija tofewa tam'kati, tomera pachifuwa ndi pamimba pa bakha kapena tsekwe, topanda kamtengo pakati, timene pa lebulo amalemba kuti down. Kamodzi mukakaika pachikhatho simumva n'komwe kuti mwanyamula kanthu, koma tikachuluka timakolana n'kupanga timipata tosawerengeka ta mpweya. Kufufuma kumeneko ndiko mumagula. Thumba likafufuma mumamva kufunda, likaphwa mumazizidwa, ngakhale munalipira ndalama zingati.

Matumba ena amaikamo faiba, wofanana ndi wa m'mapilo. Ndi otchipa, akanyowa amafundabe pang'ono, ndipo sachedwa kuuma. Koma kuti la faiba lifunde mofanana ndi la nthenga limalemera kwambiri, nthawi zina kuwirikiza kawiri, limadya theka la chikwama, ndipo pakapita zaka zingapo limaphwa osadzukanso. La nthenga losamalidwa limapitirira zaka khumi. Komabe ndisakunamizeni, si aliyense akufunika la nthenga. Ngati maulendo anu ndi a ku Mangochi, Cape Maclear, Liwonde kapena Majete, sungani ndalama zanu. Chitenje, kabulangeti ndi neti ya udzudzu zakwana. Ngati galimoto imakufikitsani pomwe mukakhome tenti, nyamulani mabulangeti a kunyumba, sakulemerani. Ngati mumakonda kukwera m'dzinja mvula ili m'kati, kapena mukugulira mwana wa sukulu amene adzalitaya pansi paliponse, gulani la faiba. La nthenga ndi la munthu amene katundu wake akhale pamsana maola asanu, asanu ndi limodzi, akukwera njira ya Skyline kapena Chapaluka, nyengo yozizira.

Manambala a pa lebulo

Apa ndi pamene anthu amapusitsidwa. Thumba labwino limakhala ndi manambala atatu a madigiri, pambali pake patalembedwa EN 13537 kapena ISO 23537. Awa ndi malamulo a kayezedwe. A ISO analowa m'malo mwa a EN mu 2016, koma nzeru yake ndi imodzi. Amatenga chidole chachikulu ngati munthu chokhala ndi mawaya otenthetsa, kuchiveka zovala zam'kati zazitali, kuchilowetsa m'thumba, kuchigoneka pa matiresi m'chipinda chozizira, n'kuyeza kutentha kumene kukutayika. Nambala yoyamba, comfort, ndi pamene mkazi wamba amagona bwino osadzipinda. Yachiwiri, limit, ndi pamene mwamuna wamba amagonabe koma atadzipinda, mawondo pachifuwa. Yachitatu, extreme, si yogonera ayi. Imangotanthauza kuti munthu akhoza kupulumuka imfa kwa maola asanu ndi limodzi, akunjenjemera. Tsono opanga ena nambala yachitatuyi ndi imene amailemba ndi zilembo zikuluzikulu pa kathumba kakunja. Pa ija ya mlamu wanga panalembedwa -5, n'chifukwa chake ndinanyamuka mtima uli m'malo. Nditabwerako ndinayang'anitsitsa tizilembo tating'ono m'munsi mwake: comfort inali 12.

Inu yang'anani comfort basi, kaya ndinu bambo kaya mayi. Matupi athu a ku Blantyre sanazolowere kugona pozizira chonchi, ndipo thupi limene lakwera phiri tsiku lonse, lotopa ndi lanjala, silitentha ngati la chidole chija. Ku Mulanje kapena ku Nyika mu Juni ndi Julayi, funani comfort ya pakati pa 0 ndi 2. Ku Zomba, kapena ku Mulanje komweko mu Epulo ndi Sepitembala, ya 5 imakwana bola muvale juzi. Ochokera ku America amalemba mu Fahrenheit, ndiye mukaona 20 kapena 30 pa dzina la thumba musaganize kuti ndi la kunyanja. 32 yawo ndiye ziro wathu, 40 ndi pafupifupi madigiri 4, ndipo 20 ndi pafupifupi -7. Nthawi zambiri nambala ya pa dzinayo imakhala ya limit, choncho onjezerani madigiri asanu kapena asanu ndi limodzi m'mutu mwanu.

Nambala ina ndi ya fill power, imene imakhala pakati pa 550 ndi 900. Imanena za mmene nthengazo zimafufumira. Magalamu 28 a nthenga za 600 amadzaza malo a malita pafupifupi 10, theka la chidebe chathu cha malita 20 chija, pamene magalamu 28 omwewo a nthenga za 800 amadzaza malita pafupifupi 13. Ndiye nambala ikakwera, nthenga zochepa zimagwira ntchito yomweyo, thumba n'kupepuka. Komatu nambalayi payokha sikuuzani kufunda kwa thumba. Pamafunikanso kudziwa kuti aikamo magalamu angati. Thumba la 800 lokhala ndi magalamu 200 okha limazizira kuposa la 650 lokhala ndi magalamu 500. Kwa ife, 650 mpaka 750 ndi zokwanira, ndipo thumba lonse lisapitirire kwambiri kilogalamu imodzi. Za 850 ndi 900 zija mtengo wake umalumpha, ndi za anthu amene amadula ngakhale chigwiriro cha mswachi kuti achepetse magalamu.

Pomaliza pali manambala awiri ogawana, monga 90/10 kapena 80/20. Yoyamba ndi nthenga zofewa, yachiwiri ndi tinthenga wamba tokhala ndi kamtengo. 80/20 ndi yabwino. Ikafika 50/50 limenelo ndi pilo, lidzakulasani usiku wonse. Mukaonanso zilembo RDS, zikutanthauza kuti nthengazo sanazizule ku mbalame zamoyo.

Za kaumbidwe sindichedwapo. Tengani lopapatiza kumapazi, lokhala ndi chipewa chokoka ndi chingwe kumutu. La makona anayi lija n'lomasuka koma lili ndi malo ambiri opanda munthu amene thupi lanu liyenera kutenthetsa, ndipo mpweya wofunda umathawira pakhosi. Mnzanga wina ulendo woyamba anakana kulowa m'lopapatiza, akuti zikufanana ndi kukulungidwa m'nsalu ya maliro. Pakati pa usiku analowa yekha, palibe anamukakamiza. Kutalika kwake kufanane ndi msinkhu wanu, kungotsala malo pang'ono kumapazi. Onaninso ngati kumbuyo kwa zipi kuli kamkuzi ka nthenga kotseka mphepo, ndiponso ngati pakhosi pali kolala yofufuma. Mizere imene mumaona pathumba ndi zipinda zoletsa nthenga kuunjikana mbali imodzi. M'matumba otchipa nsalu yakunja ndi yam'kati amazisoka pamodzi, ndipo pa msoko uliwonse kuzizira kumalowa. M'abwino amaika kansalu koima pakati ngati khoma. Tsinani pa msoko, dzanja lina kunja lina m'kati, n'kukoka. Nsaluzo zikatalikirana, khomalo lilipo.

Kusaka pa kaunjika

M'masitolo a m'tauni muno ma sleeping bag amene mungaone ambiri ndi a faiba. La nthenga latsopano limafuna kutuma munthu wopita ku South Africa, kumene masitolo a Cape Union Mart amagulitsa a K-Way, ndipo palinso a First Ascent. Ndi mmene kwacha ilili, mtengo wake umawawa. N'chifukwa chake ine ndimati yambani mwayenda pa kaunjika, ku Limbe, ku Ndirande, mumsika wa Blantyre. Musapite kwa ogulitsa malaya. Pitani kwa amene amatsegula mabele a zofunda, ma duvet ndi makatani, chifukwa matumbawa amabwera atasakanikirana mmenemo. Auzeni chimene mukufuna, asiyireni nambala, ndipo dekhani. Langa ndinalipeza patatha miyezi inayi. Mayi wogulitsayo anandiimbira n'kuti, "Bambo, chija mumafuna chabwera, koma n'chopepuka ngati mulibe kanthu, kaya muchikonda." Kupepuka kumene iwo ankaona ngati chilema ndi kumene ine ndinkafuna, ndipo ponenerera sindinawaonetse mano.

Mukalipeza, musathamange kulipira. Werengani kansalu kolembedwa kam'kati: pakhale mawu akuti duck down kapena goose down. Pakalembedwa polyester kapena hollow fibre, limenelo ndi la faiba ngakhale likhale lofewa bwanji. Kenako lifumbateni m'dzanja mwamphamvu n'kulisiya. La nthenga limapanikizika kukhala kakang'ono zedi, kenako limadzuka lokha pang'onopang'ono ngati ufa wa mandasi wothira yisiti. Likutumuleni, liyaleni pamwamba pa katundu wina, chezani ndi wogulitsa mphindi khumi, muone ngati lafufuma kufika kutalika kwa chikhatho choimika. Ndiye litsegule zipi yonse n'kuliyang'anitsa kudzuwa. Chipinda chimene kuwala kukudutsa mbee ndiye kuti nthenga zinathamo, makamaka pachifuwa ndi pamapewa. Zikangokhala kuti zaunjikana m'timibulu, si vuto lalikulu, kuchapa kumakonza. Linunkhizeni. Fungo la mankhwala a m'bele limatha, koma fungo la nkhungu, ngati la nsalu yoiwalika m'beseni, silichoka, ndipo limasonyeza kuti nthenga zinayamba kuola. Limenelo lisiyeni. Zipi yakufa isakuopseni kwambiri, telala wa pakhonde wodziwa ntchito akhoza kusintha kokokera kake, bola asatsegule zipinda za nthenga.

Kulongedza

Musalipinde kapena kulikulunga ngati mphasa. Yambani ndi kumapazi, n'kumalikankhira m'kathumba kake chisawawa mpaka lonse lalowa. Mukamapinda malo amodzimodzi nthawi zonse, nthenga za pamenepo zimachoka. Koma musanalilowetse, ikani kaye pulasitiki yokhuthala m'kathumbamo, mukamaliza mutulutse mpweya n'kupotokola kukamwa kwake. Ine ndimagwiritsa ntchito pulasitiki ija ya m'kati mwa thumba la feteleza, yotsukidwa bwino n'kuumitsidwa. Ndi yolimba kuposa majumbo. Musadalire kuti chikwama chanu salowa madzi. Chiperoni chimalowa paliponse, ndipo pa Mulanje mumaoloka timitsinje tingapo pa miyala yoterera. Ndinaonapo mnyamata atagwera m'madzi panjira ya ku Thuchila, chikwama chonse chubwi, thumba lake analimangirira kunja. Nthenga zikanyowa zimamatana ngati nkhuku yoviikidwa m'madzi otentha, ndipo m'phiri simungaziumitse usiku umodzi. Anagona atakhala tsonga pamoto. Thumba likhale pansi penipeni pa chikwama, m'kati, ndipo ngati katundu akunyamulirani anyamata a pa Likhubula, longedzani nokha musanawapatse.

Usiku wake

Mukangofika, musanavule n'komwe nsapato, tulutsani thumba, likutumuleni, liyaleni pamene mugone. Limafuna theka la ola kapena ola lathunthu kuti lifufume bwino. Mukalitulutsa nthawi yogona yomweyo, ola loyamba mumva kuzizira n'kumaganiza kuti anakuberani. Liyaleni kutali ndi moto. M'nyumba za m'phiri mlonda amakoleza moto waukulu ndipo aliyense amafuna kugona pafupi, koma nsalu ya matumbawa ndi nayiloni yopyapyala; kamoto kamodzi kakathetheka kamaboola nthawi yomweyo, m'mawa n'kupeza nthenga zili mbwee m'nyumba monse.

Tsopano nkhani imene ambiri saidziwa. Nthenga zimene mwazigonera zimaphwa, ndipo zikaphwa sizisunga kanthu. Ndiye kunsi kwa msana wanu thumba siligwira ntchito, ngakhale likhale la mtengo wapatali chotani. Pansi, kaya ndi matabwa, simenti kapena dothi la m'tenti, pamayamwa kutentha kwa thupi usiku wonse. Chotchinjiriza ndi choyala. M'nyumba zina za m'phiri mumapezeka timatiresi, koma mukapeza gulu lina lafika kale, mwagwa nayo. Nyamulani kamphasa kanu ka siponji yolimba, kopepuka kaja kokulunga. Kopopa mpweya n'kabwino koma kamaboola. Mukasowa zonse, yalani chikwama chopanda kanthu, jekete ya mvula ndi zovala zotsala kunsi kwa msana ndi m'chiuno. Usiku uja wa ku Chisepo ndikanayala bulangeti lija pansi m'malo molifunda, mwina ndikanagonako.

Lowani m'thumba thupi lili lofunda kale. Idyani chakudya chotentha chokhala ndi mafuta pang'ono, nsima, mpunga, kaya phala la mtedza, chifukwa ndizo nkhuni za mbaula ija. Mowa umanamiza, umakupatsani kutentha pakhungu kwinaku ukutaya kwam'kati. Vulani zonse zimene munayenda nazo masana, ngakhale zikuoneka zouma, chifukwa muli thukuta. Khalani ndi zovala zogonera zokha: malaya a manja aatali, thalauza yofewa, masokosi ouma osathina, ndi chipewa cha ulusi. Pali bodza lina loti m'thumba la nthenga muyenera kugona osavala. Ayi, zovala zouma zimathandiza, bola musavale zochuluka mpaka kupanikiza nthenga kuchokera m'kati. Pitani kaye kokataya madzi, chifukwa kutuluka 3 koloko m'bandakucha kumataya kufunda konse kumene munasonkhanitsa.

Kukazizira kwambiri, pemphani mlonda madzi otentha, thirani m'botolo lolimba lotsekeka bwino, liyeseni chozondotsa, livekeni sokosi, n'kuliika kumapazi kapena pakati pa ntchafu. Botolo lopyapyala la madzi a m'sitolo limakwinyika ndi madzi otentha, ndipo likadontha mwanyowetsa nthenga ndi manja anu. Kokani chingwe cha chipewa mpaka patsale mphuno ndi pakamwa. Musalowetse nkhope m'kati, ngakhale mtima ukufuna bwanji, chifukwa mpweya wopuma uli ndi chinyezi, ndipo pofika m'mawa pachifuwa pamakhala ponyowa. M'tenti siyani kampata ka mpweya, ndipo kumapazi kwa thumba kusagunde nsalu ya tenti imene imachita mame m'kati.

Chinthu china chathuchathu. Nyengo yozizira timadzola mafuta ambiri kuti tisatuwe, ndipo mafuta amenewo pamodzi ndi thukuta ndi fumbi amalowa m'nthenga n'kuzimata. Mankhwala ake ndi kathumba kam'kati. Ndinagula zitenje ziwiri, telala wina ku Chilomoni anazisoka kukhala thumba lalitali lotseguka kumutu. Ndimalowa kaye mmenemo, kenako m'thumba la nthenga. Chitenje chimachapika tsiku lililonse, chimawonjezera kufunda pang'ono, ndipo usiku wotentha ndimagona m'menemo mokha.

M'mawa, ngati dzuwa latuluka, tembenuzani thumba kunja kukhale m'kati, liyanikeni pakhonde kapena pathanthwe louma pamene mukumwa tiyi. Kanthenga kakatulukira pansalu musakazule, kamakoka anzake n'kukulitsa bowo. Katsineni chakumbuyo n'kukabwezera m'kati. Pakang'ambika, matani selotepi yolimba pompo, zosoka mukaonere kunyumba.

Kuchapa ndi kusunga

Chapani mwa apo ndi apo, pamene layamba kununkha kapena laleka kufufuma. Langa ndimachapa kamodzi pa zaka ziwiri. Sankhani nyengo: kumapeto kwa Sepitembala kapena mu Okutobala, pamene Blantyre yauma gwa ndipo kukutentha. Mukachapa mu Juni chiperoni n'kubwera, kapena m'dzinja, thumba lidzachita nkhungu lisanaume. Ndikudziwa chifukwa jekete langa la nthenga linafa imfa imeneyo.

Thirani madzi ofunda pang'ono m'bafa kapena m'beseni lalikulu. Sopo wake weniweni ndi wochapira nthenga, monga Nikwax Down Wash, amene mungatumenso ku South Africa. Mukasowa, gwiritsani ntchito sopo wamadzi wofatsa, pang'ono pokha. Sopo waufa wochapira zovala, jiki ndi mankhwala ofewetsa nsalu musayerekeze, amachotsa timafuta tachilengedwe ta nthenga, zina n'kutsalira m'kati. Ku dry cleaning musapititseko pa chifukwa chomwecho. Liviikeni lili m'kathumba kake n'kumalitulutsa pang'onopang'ono m'madzimo kuti lisayandame, likanyeni ndi zikhatho modekha, lisiyeni kanthawi, kenako tsukuluzani kanayi, kasanu, mpaka thovu litheretu. Osafinya mopotokola, osalimenyetsa pamwala ngati jinzi. Kanikizani madzi atuluke. Potulutsa, linyamuleni ndi manja awiri kunsi ngati mwana wakhanda, chifukwa nthenga zonyowa zimalemera ndipo mukakoka mbali imodzi timakoma tam'kati tija timang'ambika.

Likatuluka m'madzi limaoneka ngati latheratu, lopyapyala, nthenga zili timibulu. Musataye mtima. Liyaleni chogona, osati cholendewera, pamwamba pa zingwe zingapo zoyandikana kapena pathandala, pamthunzi podutsa mphepo. Pansi kapena paudzu ayi. Zovala zoyanika pansi timazisita poopa mphutsi, koma ili silisitidwa. Ola lililonse kapena awiri pitani mukaphwanye timibuluto ndi zala, n'kulitembenuza. Madzulo lilowetseni m'nyumba poopa mame. Zimatenga masiku awiri kapena atatu. Ngati mukudziwa malo amene ali ndi makina oumitsira zovala, ikani pa moto wochepa kwambiri, muponyemo mipira iwiri itatu ya tenisi kuti iziphwanya timibulu. Lauma pokhapokha simukumvanso kambulu kalikonse mukamapapasa. Nsalu yakunja imauma msanga n'kukunamizani.

Kunyumba musalisunge m'kathumba kake kakang'ono kaja. Ako ndi kapaulendo basi. Likakhala lopanikizika miyezi ndi miyezi, nthenga zimathyoka ndipo sizidzukanso bwino. Liikeni m'thumba lalikulu la nsalu lopuma mpweya, chikuto chakale cha duvet chimachita bwino, n'kuliika pamwamba pa wadirobu, pouma. M'pulasitiki ayi. Chenjerani ndi makoswe, kwa iwo imeneyo ndi nyumba yomangidwa kale. M'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, tsiku limene dzuwa lawala, litulutseni liombedwe mphepo maola angapo.

Za kubwereketsa, aliyense aone yekha. Langa la ku Limbe lili ndi zigamba zitatu, ndipo ziwiri sizinachokere kuphiri. Msuweni wanga analibwereka popita ku maliro ku Thyolo mu Juni, kumene azibambo amagona panja, ndipo analiyala pafupi ndi moto wa pasiwa. Sindikanakana, za maliro sakaniza. Koma kuyambira pamenepo, wobwera kudzabwereka chofunda ndimamutulutsira bulangeti la maluwa lija.